Nkhope ya Cedric

Lolemba, 4 Novembala

Mvula kuyambira m'mawa. Bondo lakumanzere likundikumbutsa kuti lilipo.

Foni inalira ndikutsuka kapu. Bernice, amene amandipezera ntchito, patatha miyezi isanu ali zii. Sewero la pa TV. Ine ndioneka malo amodzi okha m'seweromo, koma malo enieni. Mlimi wa nkhosa kumapiri a ku Yorkshire, mwana wake wamkazi wabwera kudzamuuza kuti mwana wamwamuna wa mlimiyo wapezeka atafa m'damu. Mizere khumi ndi inayi yoti ndinene. Ndipo akuti adzajambula nkhope pafupi, yodzaza galasi lonse la TV. Ndinamufunsa kawiri. Iye, "Nkhope yanu yomweyo, a Cedric, ndi makwinya ake onse. Musamete, akufuna mdala wotheratu." Zikomo kwambiri, Bernice.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndili pa siteji. Mafumu, zidakwa, ansembe, ndipo pa Khirisimasi kuvala diresi ndi mabere a thonje kuti ana aseke ku Blackpool. Pa TV ndakhalapo mtembo katatu, woweruza woodzera kamodzi, ndi wapolisi uja wa 1986. Basi. Cedric Ormerod, dzina lodziwika kwa amayi ochititsa lendi zipinda kuyambira ku Dundee mpaka ku Plymouth.

Masana basi yopita kwa Glenys, kunyumba yosungira okalamba. Chaka chachiwiri tsopano mkazi wanga chichokereni m'nyumba muno. Sanandizindikire, monga mwa masiku onse kuyambira pa Isitala. Kwa iye lero ndinali wokonza mapaipi. Dzulo m'busa. Ndimakhala pambali pake n'kumanong'ona mmene amachitira aliyense m'nyumba muja, iye n'kumayankha mwaulemu ngati kwa mlendo. Koma Maxine, nesi wake, akangomuikira kanema wa wapolisi uja, mphindi ziwiri zokha, ine tsitsi lili bii, Glenys amadzuka pampando. "Uyo Cedric wanga! Akuchedwa chiyani osabwera?" Ine ndili pomwepo, chipewa m'manja.

Ndilembe maganizo angawa ndisanachite nawo manyazi. Wa m'galasi amamukhulupirira, wa pampando ayi. Akadzaona nkhope iyi, ya leroyi, itadzaza galasi, ine mwini wake nditakhala pafupi ndi TV, mwina adzalumikiza. Mwina. Dokotala anati chaka chamawa nthawi ngati ino adzakhala atasiya ngakhale kulankhula.

Lachinayi, 7 Novembala

Mapepala anafika Lachiwiri. Mizere khumi ndi inayi, masiku atatu, sinalowebe yonse. Kale sewero la maola atatu ndinkaliloweza m'sabata imodzi. Glenys ankagwira mapepala uku akusita, ndikaphonya liwu limodzi ankamenya tebulo ndi supuni. Sankakhululuka ngakhale kamodzi, mayi uja. Lero ndimawerengera ketulo.

Za misozi sindikuda nazo nkhawa. Imeneyo ndi ntchito yanga. Ku Oldham ndinalira kasanu ndi katatu pa sabata kwa miyezi inayi, malo omwewo, liwu lomwelo, diso lakumanja kuyamba. Anzanga ankachita kubetcherana.

Chakudya: dzira, buledi wowotcha. Chitini cha nyemba chandikanika kutsegula, ndachisiya.

Lamlungu, 10 Novembala

Kwa Glenys. Anamuveka juzi ya munthu wina, yofiirira, mtundu womwe ankadana nawo moyo wake wonse. Ndinamuuza Maxine. Anapepesa, koma ndinaona kuti watopa kuposa ine, ndinangosiya.

Ndinauza Glenys kuti ndapeza ntchito ya sewero. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu. "Mwamuna wanga nayenso amachita zomwezo. Mverani ine bambo, pezani ntchito ina, izi zimathetsa nsapato." Ndinaseka mpaka kutsokomola. Pa basi ndiye zinandipweteka.

Lachiwiri, 12 Novembala

Sitima ziwiri, yachiwiri yochedwa. Galimoto kuchokera ku Leeds. Hotelo yonunkha kapeti wonyowa.

Madzulo kuwerenga sewero. Dayilekita dzina lake Jolyon, sanakwane zaka makumi atatu, chipewa chaubweya m'nyumba motentha. Amanditchula madala. "Madala, ndinu chuma chathu." Chumacho anachisiya chikudikira pakhonde mphindi makumi anayi.

Wosewera mwana wanga ndi Tamsin, kamtsikana kowonda, maso akuluakulu. Akuti ndiye akukwera masiku ano, ine sindimamudziwa. Sanapondepo pa siteji chibadwire. Amalankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Tili tebulo limodzi koma ndinachita kupendeketsa mutu kuti ndimumve.

Ine nditangotsegula pakamwa, munthu wojambula mawu anavula zam'makutu zake n'kuphethira. Jolyon akuti, "Zokongola, madala, koma chepetsani. Kamera ili pano, si ku Scotland." Ndinachepetsa. "Chepetsaninso." Abale! Ndichepetse mpaka ndisowe? Anthu analipira mpando womaliza wa m'mwamba m'holo kuti andimve, ndinaphunzitsidwa choncho ndi anthu amene mwanayu sangamasule ndi zingwe za nsapato zawo.

Sindinanene zimenezi. Ndinati chabwino, mwanawe.

Anditenga hafu faifi m'mawa.

Lachitatu, 13 Novembala

Ayi. Lero sindilemba.

Lachinayi, 14 Novembala

M'sitima yobwerera. Cholembera chikudumphadumpha. Ndilembe momwe zinayendera, mwina zichoke pachifuwa.

Famu ili pamwamba pa phiri, mphepo yolowa m'mafupa. Anandilowetsa m'kalavani kwa Noreen, mayi wodzola anthu nkhope, wa ku Bradford, wazaka zopitirira makumi asanu, pakamwa posatopa. Akundipaka dothi m'zikhadabo anandiuza ndondomeko ya tsiku. Poyamba ajambula patali, bwalo lonse. Kenako nkhope ya Tamsin. Ine womaliza. "Ndiye musamale, achikulire. M'mawa muno ingoyendani, nenani mizere, basi. Misozi sungani ya madzulo. Ndaona akuluakulu a pa siteji akubwera kuno ndi chidebe chodzaza, pofika nthawi yawo chili gwaa." Anandionetsanso kamtengo kake kamankhwala, kopaka pansi pa maso kuti misozi ituluke.

Ndinamuyankha kuti, mayi, ndinayamba kulira pamaso pa anthu inu muli ku pulayimale. Matama. Anangoti kaya, n'kubweza kamtengoko m'thumba.

Kujambula patali. Kamera ili uko kugeti, kakang'ono ngati bokosi la nsapato. Ine pakati pa bwalo ndi chidebe cha chakudya cha nkhosa. Tamsin akubwera kuchokera pagalimoto. Bwalo lalikulu, anthu makumi anayi ataima mozungulira, onse chete. Thupi langa linangoti ili ndi siteji. Sindinaganize n'komwe. Atanena kuti mchimwene wake wapezeka, chidebe chinagwa chokha, mawu anatuluka onse mpaka nkhosa zinabalalika kuseri kwa mpanda. Misozi chuchuchu. Jolyon atati basi, munthu wa magetsi, chimunthu chandevu, ankapukuta m'maso ndi golovesi.

Tinabwereza kasanu ndi kanayi. Ndege inadutsa, galu analowa, mtambo unasintha. Ulendo uliwonse ndinapereka zonse. Sindidziwa kupereka theka. Palibe anandiphunzitsapo zimenezo, pa siteji ukapereka theka anthu amayamba kutsokomola.

Noreen ankandiyang'ana ali kuseri, akupukusa mutu. Ndinanamizira kuti sindikumuona.

Kenako nkhope ya Tamsin. Kuno ali ndi mwambo wawo: kamera ikakhala pa mnzako, iwe ukhoza kukapuma m'kalavani, wina n'kumamuwerengera mizere yako. Jolyon anati, "Madala, pitani mukamwe tiyi, tikuitanani." Ndinakana. Mnzako sumusiya yekha pakati pa sewero, chimenecho ndi chinthu choyamba chomwe ndinaphunzira ndili ndi zaka makumi awiri ku Harrogate. Komanso mwanayu anali atauma m'mawa wonse, nkhope ngati thabwa. Ndinamumvera chisoni.

Ndinaima pafupi ndi kamera, phewa langa lokha ndi khutu zikuoneka. Kasanu ndi kawiri. Ndinamupatsa bambo wake weniweni ulendo uliwonse. Pa ulendo wachinayi mtsikana uja anasweka. Analira mpaka mamina, mpaka mawu kukanika, ndipo zinali zoona, ndikudziwa zoona ndikaziona. Atamaliza anandikumbatira. "Agogo, ndi inu mwachita zimenezi, ine sindinachite kanthu." Ndinasangalala, ndisaname. Ndinadzimva kuti ndine munthu.

Nkhomaliro hafu thuu. Mvula. Kudikira. Thirakitala ya famu ina. Kudikira.

Nthawi yanga inakwana folo koloko ili pafupi, kunja kukuda kale, Novembala ameneyu. Tamsin anali atamutengera ku malo ena kukajambula zina, si kulakwa kwake. Mizere yake amawerenga ndi mayi woyang'anira mapepala, mawu ngati olengeza sitima. Kamera pamphuno panga, ndikanatambasula dzanja ndikanaigwira. Jolyon akuti, "Tili ndi mphindi khumi ndi zisanu za kuwala, madala. Zija za m'mawa zija, koma zazing'ono."

Palibe.

Mizere inatuluka yonse, yolondola, yakufa. M'maso mouma. M'chifuwa mopanda kanthu ngati m'kabati ya kwathu. Kachiwiri, chimodzimodzi. Ndinayesa kuganiza za Glenys ndi juzi yofiirira ija, zinangoipiraipira, ndinadzimva ngati wakuba wolowa m'chipinda cha wodwala. Kachitatu ndinayamba kukankha, kukwinya nkhope, zinthu zomwe ndimanyoza ana a sukulu akamachita.

Noreen anabwera ndi kamtengo kake kaja. Ndinatseka maso, anapaka. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, kamtengo. Maso anawotcha, madzi anatuluka, nkhope ya munthu wodula anyezi.

Jolyon anayang'ana kumwamba, kenako wotchi. "Tapeza zokwanira, madala. Zikomo kwambiri." Anthu anaomba m'manja monga amachitira wina akamaliza ntchito yake. Aliyense pamalo paja akudziwa tanthauzo la zokwanira.

Pochotsa dothi m'zikhadabo Noreen sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

Loweruka, 16 Novembala

Ndagona mpaka teni. Thupi lonse ngati andimenya.

Ndinaimbira Bernice, pa Loweruka, kumupempha afunse ngati angandijambulenso nkhope yokha. Ola limodzi, paliponse, ngakhale kutsogolo kwa khoma. Ndinati sindifuna kalikonse. "A Cedric, famu anaibweza kale kwa eni ake, anthu onse ali ku Wales. Musadzivute, mwina sizinaipe mmene mukuganizira." Wanenapo zimenezi kwa anthu angati?

Sindinamuuze chifukwa chake. Ndikanayamba bwanji?

Kwa Glenys masana. Lero ndinali wa ku khonsolo. Anadandaula za zinyalala zomwe sizinatengedwe mu msewu womwe tinachokamo mu 1991. Ndinalemba dandaulo lake kuseri kwa tikiti ya basi, anakhutira.

Lachitatu, 27 Novembala

Khadi yochokera kwa Tamsin, ya chithunzi cha nkhosa. Akuti sadzaiwala. Mwana wabwino. Ndaiika pamwamba pa firiji moyang'anitsa kukhoma.

Ndimangobwereza tsiku lija. Ndikanapita kukamwa tiyi. Kapu imodzi ya tiyi, Cedric, chitsiru iwe. Koma ndikadzifunsa moona, atandibwezera pamalo paja, mwana uja atauma chonchija, kodi ndikanapita? Sindikanapita. Ndiye palibe ngakhale woti ndimukwiyire.

Lachinayi, 19 Disembala

Chaka choyamba chopanda diresi ndi mabere a thonje. Ku Blackpool sanandiitane, akuti masitepe a kumeneko ndi ambiri. Bondo lavomereza.

Glenys anadwala chifuwa masabata awiri. Wachira, koma wabwerako wochepa. Mawu achepa. Maxine anaika wapolisi uja. Sanadzuke pampando, anangoloza ndi chala n'kunena dzina. Kamodzi.

Sewero akuti lidzaonetsedwa mu Malichi. Kutali.

Lolemba, 17 Malichi

Miyezi itatu osatsegula buku lino. Munalibe choti ndilembe: basi, mpando, basi.

Sewero lija analionetsa dzulo. Sindinaonere. M'mawa Bernice pafoni, mawu ali m'mwamba. Nyuzipepala zonse zikukamba za Tamsin, za malo a pafamu aja, akuti anthu analira m'nyumba zawo. Ina yatchula "mlimi wokalamba," dzina ayi. "Koma mukumveka bwino zedi, a Cedric." Mukumveka. Ndinadziwiratu.

Ndinaonera ndekha tiyi atazizira. Ayamba patali, kamunthu ndi chidebe pakati pa bwalo, akhoza kukhala aliyense. Kenako Tamsin, Tamsin, Tamsin. Phewa langa, khutu langa, kumbuyo kwa chipewa. Mawu ndi a m'mawa aja, aakulu aja, amene ankati ndichepetse. Za madzulo sanatengeko ngakhale kamphindi. Sindikuwadzudzula, inenso ndikanataya.

Ndi zabwino. Choipa chake n'chimenecho. Ndi ntchito yabwino kuposa yonse yomwe ndinagwirapo, ndipo nkhope yanga mulibe.

Maxine watumiza uthenga kuti analisunga, tikaonere mawa masana anthu akatha kudya. Ndinafuna kuyankha kuti asavutike. Ndayankha kuti ndibwera.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndinavala jekete yabwino, kaya chifukwa chiyani.

Chipinda chochezera, fungo la kabichi ndi mankhwala okolopera. Okalamba asanu, atatu ali mtulo. Maxine anakankhira mpando wa Glenys kutsogolo. Ine sindinakhale pafupi ndi TV monga ndinkaganizira muja, ndikakhaliranji, kufanizira khutu? Ndinakhala pambali pake monga mwa masiku onse. Glenys sanandipatse ngakhale ntchito lero, ya mapaipi kapena ya ubusa. Anangondiyang'ana n'kubweza maso.

Bwalo, chidebe, galimoto. Glenys akusewera ndi batani la juzi. Chidebe chinagwa. Mawu aja anadzaza chipinda, mmodzi wa ogona aja anadzidzimuka.

Dzanja la Glenys linaima.

"Cedric." Osati mokuwa. Anaweramira kutsogolo, akufunafuna m'galasi monse. "Cedric akulira. Ndani wamulakwira? Bwanji sakutembenuka?" Mawu ochuluka chonchi sanawanene chichokereni Khirisimasi. Anandigwira mkono, ine, n'kundigwedeza. "Bambo inu, muuzeni atembenuke."

Ndinanong'ona kuti Glenys, ndine, ndili pano. Anachotsa dzanja lake ngati wagwira mbaula.

Sewero linapitirira, apolisi, Tamsin m'galimoto. Iye anayamba kulira, kulira kwa mwana wosiyidwa pa siteshoni. Maxine anathimitsa TV.

Sindikudziwa chomwe chinandidzutsa. Ndinazungulira mpando wake n'kukaima kumbuyo, pomwe sangandione. Ndinaponda bwino, mapazi motalikirana, mpweya kuchokera pansi pa mimba. Zaka ziwiri ndakhala ndikunong'ona m'nyumba muja ngati m'tchalitchi. Ndinatulutsa onse, a mpando womaliza wa m'mwamba.

Glenys! Ndabwera!

Makapu pa tebulo analira. Nesi wina anathamangira pakhomo, Maxine anamuletsa ndi dzanja.

Kulira kunaleka. Sanatembenuke, khosi lake silitembenuka bwino masiku ano. Anakonza tsitsi ndi zala, kumbuyo kwa khutu.

"Mwachedwa," anatero. "Mwadya?"

Ndinati ndadya m'sitima. Anati zabodza, simudya m'sitima inu, mumangomwa. Anafunsa ngati anthu anali ambiri. Ndinati holo yodzaza. Anafunsa ngati ndinaphonya mizere. Ndinati umodzi. "Ndinadziwa." Ndinaika manja pamapewa ake, anawagwira onse awiri, zala zozizira, n'kutsamira mutu pamimba panga. Ndinaima choncho, bondo likuyaka moto, ndikukuwa za nyengo ndi za sitima chipinda chonse chikumva. Maxine akuti zinali mphindi khumi ndi ziwiri. Misozi inabwera yokha, yambirimbiri, yopanda woijambula.

Atayamba kuodzera anandikoka dzanja kuti ndiwerame, ndipo anatsitsa mawu.

"Cedric, kuli mdala wina amabwera kuno tsiku lililonse. Amakhala apa n'kumangondiyang'ana ngati ndinamutengera kanthu. Amandiopsa. Mumuuze asiye kubwera."

Ndinati ndimuuza.

Mawa ndikalowera khomo lakumbuyo, Maxine akuti adzatembenuziratu mpando wa Glenys.